Zigoba za m'nyanja pamtunda wa ku Muanza: kodi nyanja idzabwereranso?

Bambo wina wochokera ku Chikwawa, amene akukhala ku Beira, watilembera motere:

"Ndimagwira ntchito ya zomangamanga ndipo ndakhala kuno nthawi yaitali. Mwezi watha tinakagwira ntchito cha ku Muanza wa kuno ku Sofala, panjira yopita ku Inhaminga. Kumeneko ndinaona mwala woyera wodzaza ndi tizinthu tozungulira ngati ndalama zachitsulo, komanso zigoba zonga zomwe timatola ku gombe la Macuti. Komatu uko n'kumtunda, nyanja ili kutali zedi. Mnzanga wa kutchalitchi akuti ndi umboni wa chigumula cha Nowa. Wina akuti nyanja inafikako kale ndipo ikubwereranso. Ine ndasunga kandalama koti ndigule puloti cha ku Manga, mu Beira momwemuno, koma chichitikireni namondwe Idai mtima sukhala m'malo. Kodi ndigule, kapena ndikamange kwathu?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale pansi. Maso anu sanakunamizeni: malo amene munaonawo analidi pansi pa nyanja. Koma zimenezo zinachitika pakati pa zaka 56 ndi 34 miliyoni zapitazo, ndipo nyanja sidzafikakonso m'nthawi yanu, ya adzukulu anu, ngakhale ya adzukulu awo. Nkhawa yanu ya puloti ndi yomveka ndithu, kungoti yankho lake mukulifuna kutali. Mwala wa ku Muanza sungakuuzeni zambiri za nyumba yanu. Chomwe chingakuuzeni ndi dothi lomwe lili pansi pa puloti ya ku Mangayo, ndipo tifikako.

Tiyambe ndi mwalawo. Ngati munatengako kachidutswa, donthezanipo viniga kapena madzi a ndimu. Mukaona tithovu tikutuluka, dziwani kuti ndi mwala wa laimu. Tizinthu tozungulirato akatswiri amatitcha Nummulites. Si nkhono ayi, ndi zigoba za tamoyo ta selo imodzi tomwe tinkakhala pansi pa nyanja yosazama, yofunda, ya madzi oyera. Mukaswa kamodzi pakati n'kukayang'ana padzuwa, muona tizipinda tambirimbiri tondondozana mozungulira, kuchokera pakati kupita kunja. Tamoyoti tinkaswana kwambiri moti zigoba zake zinaunjikana mpaka kukhala thanthwe. Thanthwe limeneli pa mapu a miyala limalembedwa kuti Cheringoma Formation, ndipo ndi lomwelo lili ndi mapanga ndi zigwembe zakuya kum'mawa kwa malo osungira nyama zakuthengo a Gorongosa. Mwala wa mtundu womwewu ndi umene Aiguputo anamangira mapiramidi a ku Giza. Ndipo inu monga mmisiri mwaugwira kambirimbiri osadziwa, chifukwa laimu wa ku Muanza ndi amene wakhala akupita ku fakitale ya simenti ya ku Dondo.

Tsono unakwera bwanji pamtunda? Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti chimene chimayenda ndi madzi okha, nthaka imangokhala phee. Zonse ziwiri zimayenda. Pa nthawi imene tamoyoti tinali moyo, dziko linali lotentha ndipo kunalibe madzi oundana ochuluka ngati omwe ali ku Antarctica lero. Amenewo anayamba kuunjikana zaka pafupifupi 34 miliyoni zapitazo. Choncho nyanja inalidi pamwamba kuposa lero. Koma ngakhale madzi oundana onse a padziko atasungunuka mawa, nyanja ingakwere mamita pafupifupi 70 basi, pamene chitunda cha Cheringoma chimafika mamita 300 kapena cha pomwepo. Masamuwo sakwana. Chinakwaniritsa ndi nthaka, yomwe inatukuka. Mng'alu waukulu womwe unasunga Nyanja ya Malawi ndi chigwa chanu cha Shire sunathere ku Nsanje. Unapitirira kummwera mpaka ku chigwa cha Urema, m'kati mwa Gorongosa. Pakati pa mng'aluwo panatsika, m'mbali mwake munakwera, ndipo mbali ya kum'mawa ndi imene inanyamula pansi pa nyanja yakaleyo n'kupaika pomwe munapaona. Kuti ntchitoyi sinathe tinaona mu February 2006, pamene chivomezi cha mphamvu ya 7.0 chinachitika ku Machaze n'kugwedeza mpaka Beira ndi Maputo.

Kuti mumvetse chifukwa chake gombe lonseli lili ndi miyala yosanjikizana, tibwerere m'mbuyo kwambiri. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, komwe kuli nyanja ya Indian Ocean moyang'anana ndi Beira kunali mtunda. Africa inali yolumikizana ndi Antarctica, India, Madagascar, Australia ndi South America m'chimtunda chimodzi chotchedwa Gondwana, ndipo mnansi wa Mozambique kumbali imeneyo anali Antarctica. Chimtundacho chitayamba kung'ambika, chiphalaphala chinatuluka chochuluka, ndipo mapiri a Lebombo kumalire a Mozambique ndi South Africa ndi otsalira ake. M'mphepete mwa Africa munakokeka, munapyapyala, kenako munayamba kuzizira ndi kutsika. Malo otsika otere, omwe amalandira mchenga ndi matope kwa zaka mamiliyoni, ndi omwe timawatcha sedimentary basin. Ganizani za beseni lomwe mukuthiramo mchenga, koma nthawi iliyonse mukathira, pansi pake pakutitimira, moti silidzadza. Kulemera kwa mchengawo ndiko kumathandizira kutitimirako. N'chifukwa chake pansi pa mathiriro a Zambezi, mchenga ndi matope zomwe zaunjikana zimapitirira makilomita 10 kuya kwake. Madzi ofiira amene mumawaona mu Shire nthawi ya dzinja akudutsa pa Chikwawa, ena mwa matope ake amakakhazikika ku Elephant Marsh, ena amalowa mu Zambezi kumunsi kwa Mutarara n'kukathera m'beseni limeneli. Dothi la kwanu linakutsogolerani kale ku Mozambique.

Ife akatswiri a miyala timaiwerenga bwanji nkhani ya nyanja m'miyalamo? Ndimakonda kuimirira pafupi ndi anthu oboola mijigo. Woboola wodziwa ntchito amatapa zinyenyeswa zotuluka pa mita iliyonse n'kuziika timiyulu pansi, mzere ndi mzere. Ukayenda motsatira timiyuluto ukuyenda m'mbuyo m'nthawi. Apa mchenga wokhakhala wosakanikirana ndi nsangalabwi, umenewo ndi mtsinje. Apa matope akuda onunkha ngati dzira lovunda, okhala ndi timizu, amenewo ndi madambo a madzi amchere. Apa mchenga woyera wosalala wokhala ndi zigoba zophwanyika, limenelo ndi gombe. Apa dongo lotuwa losalala, amenewo ndi madzi akuya. Lero zinthu zinayizi zili moyandikana: mtsinje kumtunda, dambo, gombe, kenako nyanja. Nyanja ikamakwera, zonse zimasunthira kumtunda, ndipo pamalo amodzi zimasanjikizana, mtsinje pansi, dongo la m'madzi akuya pamwamba. Ikamatsika, dongosololo limatembenuka. Mfundo imeneyi anaifotokoza bwino ndi Johannes Walther wa ku Germany mu 1894, ndipo mpaka lero ndi imene timayambira pophunzitsa ana a sukulu ya miyala.

Za chigumula cha Nowa, sindilowerera pa chikhulupiriro cha mnzanuyo, ndi nkhani ya iye ndi Mulungu wake. Koma mwala uwu wokha sungakhale umboni wake. Madzi osefukira amasiya zinthu zosakanikirana, matope, mitengo ndi miyala pamodzi, monga zinachitikira ku Buzi pa Idai. Laimu wa ku Muanza ndi woyera, wopangidwa ndi tamoyo tomwe tinkafuna madzi odekha ndi kuwala kwa dzuwa, mibadwo ndi mibadwo. Ndipo pamwamba pake pali miyala ina ya nthawi ya pambuyo pake, yotchedwa Mazamba Formation, momwe ofufuza a ku Gorongosa apezamo mano a shaki, mafupa a ng'ona ndi a nyama za pamtunda, komanso mitengo yomwe inasanduka miyala. Kumeneko kunali nkhalango ya m'mphepete mwa nyanja ndi mathiriro a mitsinje. Ndiye kuti nyanja sinabwere kamodzi. Inabwera, inachoka, nkhalango inamera, inabweranso, kambirimbiri.

Kubwera ndi kuchokaku ndi kumene kunapatsa Mozambique gasi. Nyanja ikasiya mchenga kenako n'kuuphimba ndi dongo, mchengawo umasunga gasi m'timipata take ndipo dongo limatseka pamwamba. Ndi momwe zilili ku Pande, komwe gasi anapezeka mu 1961, ndi ku Temane, komwe kumachokera paipi ya makilomita 865 yopita ku Secunda, ku South Africa, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2004. Koma tisapite kutali ndi zimenezo.

Chomwe chikukhudza puloti yanu ndi mbiri ya posachedwa. M'zaka 2.6 miliyoni zapitazi dziko lakhala likuzizira ndi kufunda mosinthanasinthana, potsatira kusintha pang'onopang'ono kwa njira yomwe limayendamo pozungulira dzuwa ndi kupendekeka kwake. Likazizira, madzi amaundana kumpoto kwa America ndi Ulaya, ndipo nyanja imaphwa padziko lonse. Zaka pafupifupi 21,000 zapitazo nyanja inali pansi ndi mamita pafupifupi 120 poyerekeza ndi lero. Kunja kwa Beira kuli mbali yosazama yotchedwa Sofala Bank, komwe zombo zimagwira tinkhanu ta m'nyanja totchedwa camarão. Nthawi imeneyo kumeneko kunali mtunda wouma, ndipo munthu woima pomwe pali doko lero akanayenda makilomita oposa 100 kuti akaone mafunde. Pungwe ndi Buzi zinakumba zigwa zakuya popita ku gombe lakutalilo. Madzi oundana atasungunuka, nyanja inabwerera, inamiza zigwazo, ndipo zaka pafupifupi 7,000 mpaka 6,000 zapitazo inafika cha pomwe ili lero. Kuyambira pamenepo mitsinje yakhala ikudzaza zigwa zomizidwazo ndi matope ofewa, mafunde akuunjika mizere ya mchenga m'mbali. Pamwamba pa matope ndi mchenga umenewo ndi pomwe pali Beira. Kwa ife a miyala, nthaka imeneyi ndi ya dzulodzuloli, sinaume n'komwe.

Onjezaninso ichi: zaka pafupifupi 125,000 zapitazo, pamene dziko linali lofunda pang'ono chabe kuposa momwe linalili mafakitale asanayambe, nyanja inali pamwamba ndi mamita 5 mpaka 10 kuposa lero. Nambala imeneyi ndi imene imandidetsa nkhawa ine, osati ya ku Muanza.

Mwina mukuganiza za nyanja yathu ya kumudzi, yomwe nayonso inaphwapo mpaka Shire kuleka kutuluka kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1930. Imeneyo ndi nkhani ina. Nyanja ya Malawi imatsatira mvula ya m'dera lake, pamene yamchere imatsatira madzi oundana ndi kutentha kwa dziko lonse.

Nanga lero? Nyanja ikukwera, zimenezo n'zoyezedwa. Bungwe la akatswiri a za nyengo padziko lonse la IPCC limati pakati pa 1901 ndi 2018 inakwera masentimita pafupifupi 20, ndipo pakati pa 2006 ndi 2018 inkakwera mamilimita 3.7 pa chaka. Pofika 2100 ikuyembekezeka kukwera pakati pa masentimita pafupifupi 30 ndi mita imodzi, malinga ndi utsi womwe dziko litulutse. Wina atha kuseka kuti mamilimita n'chiyani. Koma ku Beira zinthu zitatu zimakumana. Choyamba, matope ofewa amatitimira okha pamene madzi akufinyika m'kati mwake, makamaka mukawasenzetsa nyumba kapena kupopa madzi a pansi. Chachiwiri, kusiyana kwa nyanja ikadzala ndi ikaphwa kumatha kupitirira mamita 6 pa nthawi ya mwezi watsopano ndi mwezi wathunthu, ndipo mbali zina za mzindawu zimakhala pansi pa madzi odzalawo, kungoti mchenga wa m'gombe ndi zitseko za ngalande ndi zimene zimatchinga. Chachitatu ndi namondwe, amene amakankhira nyanja kumtunda. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Idai anafika usiku wa pa 14 March 2019 mwezi uli theka, nthawi imene nyanja sidzala kwambiri. Akanachedwa sabata imodzi n'kukumana ndi mwezi wathunthu, madzi amchere akanalowa mumzinda kuposa momwe analowera. Pamwamba pa zonsezi, madamu a Kariba wa mu 1959 ndi Cahora Bassa wa mu 1974 amatsekereza mchenga ndi matope omwe Zambezi inkabweretsa ku gombe.

Gombe limeneli ladyapo kale zomanga za anthu. Linga lomwe Apwitikizi anayamba kumanga ku Sofala mu 1505 linagumuka, miyala yake ina inatengedwa kukamangira ku Beira, ndipo malo ake nyanja inawalanda. Ku Chinde, komwe kuyambira 1891 Angelezi anali ndi malo otsitsira katundu wopita ku Nyasaland pa sitima za mu Zambezi ndi Shire, madzi anakhala akudya malowo chaka ndi chaka, mpaka namondwe wa mu 1922 ndi njanji yatsopano yochokera ku Beira zinamaliza nkhani yake.

Tsono mugule kapena ayi? Maganizo anga ndi akuti mutha kugula, koma musagule dzina la dera. Mapuloti awiri otalikirana mamita 200 atha kukhala wina pa mzere wa mchenga wa gombe lakale, wina pa matope a dambo lakale. Mizere ya mchengayo imakhala yokwererapo pang'ono, ndipo nthawi zambiri ndi pomwe pali nyumba zakale, migwalangwa ya kokonati ndi mitengo ya mango ikuluikulu. Pakati pa mizereyo pamakhala potsika, pomwe amayi amalima mpunga. Malo amene munali mpunga zaka zapitazo n'kuthiridwa dothi pamwamba ndi amene amagulitsidwa motchipa, ndipo ndi amene ndimawaopa. Kaoneni puloti mu February, mvula itagwa masiku awiri, osati mu September pamene paliponse pamaoneka pouma. Funsani agogo a pafupi kuti pa Idai madzi analekeza pati, ndipo akulozereni pakhoma. Afunseninso ngati madziwo anali amchere kapena a mvula, komanso anatenga masiku angati kuti aphwe.

Kenako kumbani, poti inu ndi ntchito yanu. Musanalipire, pemphani mwini malo akuloleni kukumba dzenje la mita imodzi ndi theka kapena awiri, ndipo m'mbali mwake mutchinge ndi matabwa, chifukwa mchenga wonyowa umagumukira munthu mosachenjeza. Mukapeza mchenga wokhakhala mpaka pansi, ndipo madzi akutuluka patali, ndi chiyambi chabwino. Mukapeza dothi lofiira lothiridwa pamwamba, pansi pake matope akuda oterera, onunkha, oti ndodo yachitsulo imangolowa ndi dzanja limodzi, pamenepo maziko wamba sakwana. Nyumba siigwa tsiku limodzi, koma imatitimira mbali imodzi, zitseko zimayamba kukana kutsekeka, ming'alu imatuluka m'makona a mawindo. Pa malo otere nyumba yopepuka ya pansi yokha, yokhala pa silabu imodzi yolimba ya zitsulo zokwanira ndiponso yokwezedwa pamwamba pa pomwe madzi analekeza, imapirira kuposa nyumba yosanja yomangidwa pa maziko a mizere. Mchenga wosalala wodzaza madzi nawonso uli ndi vuto lake: chivomezi chikaugwedeza umasanduka phala kwa kanthawi, ndipo zimenezi zinaoneka ku Machaze mu 2006.

Za chitsime chenjerani. M'mizere ya mchengayo madzi abwino amayandama pamwamba pa amchere, ndipo ndi ochepa. Mukakumba mozama kapena kupopa mwamphamvu ndi pampu ya magetsi, amchere amakwera, ndipo chitsime chikalowa mchere sichichira msanga. Mchere womwewo umadya zitsulo za m'konkire, choncho musasakanize simenti ndi madzi a chitsime chomwe simunachilawe, kapena ndi mchenga wa kugombe wosatsuka.

Ngati ndalama ikulola ndipo ntchito siikukakamizani kukhala pafupi ndi doko, yang'ananinso cha ku Dondo, komwe nthaka ndi yokwererapo. Kumeneko mwathawa nyanja koma simunathawe mphepo, ndiye denga mulimange ndi zitsulo zolowa m'khoma. Zokamanga kwanu ku Chikwawa ndi chisankho cha banja lanu, koma mukudziwa nokha zomwe Shire ndi Mwanza zimachita zikadzala. Mafunso omwewa a kukwera kwa malo ndi za pansi pa dothi mukawafunsenso kumeneko.

Pali nthawi zina pomwe nzeru za mmisiri ziyenera kuthandizidwa. Ngati mukufuna nyumba yosanja, ngati dzenje lanu lapeza matope akuda opitirira mita imodzi, kapena ngati nyumba zoyandikana nazo zili ndi ming'alu yopendekeka, itanani injiniya woyeza nthaka kuti aboole ndi kuyeza musanathire konkire. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi yokonza nyumba yopendekeka. Pitaninso ku Conselho Municipal, khonsolo ya mzinda, mukafunse ngati malowo sali m'njira ya ngalande kapena m'dera lomwe saloleza kumanga, ndipo muone pepala la DUAT, chilolezo cha boma chogwiritsa ntchito malowo, ndi maso anu musanapereke ngakhale theka la ndalama. Wogulitsa akakana kuti mukumbe dzenje, kapena akakuumirizani kulipira dzinja lisanafike, kayang'aneni puloti ina.